Nyumba ya Matayala Anayi

Yotamu atalandira penshoni sanagule ng'ombe.
Anagula ambulansi yakufa ya kumishoni,
nazula machira, naikamo bedi lathu la ukwati,
mbaula, chigubu cha madzi,
makatani a chitenje changa chosuluka.
Ku Kapata anati mdala wapenga,
woyenda ndi nyumba ndi nkhono yokha.
Ine ndinangomanga duku, ndinakwera.

Usiku woyamba sitinapite kutali.
Tinagona m'tsinde mwa phiri la Kanjala
tikuyang'ana tauni imene tatheramo nsapato
zaka makumi anayi, osaiona.
Kutacha tinayenda pang'onopang'ono ngati alendo
m'makonde akale a masitolo a amwenye,
ndipo ndinapeza zenera
limene amayi ankaguliramo mchere
tauni ino ikadali Fote Jemusoni.
Pano munthu akugulitsirapo matchaja a foni.

Ku Katete tayala linaphulika.
Anyamata a njinga anaima asanu,
anayi olangiza, mmodzi wogwira jeke.
Mmodzi wa olangizawo, Ezidoni,
anatikweza phiri kukaona phanga.
Fungo la mileme, mawondo anga akulira,
pathanthwe zilombo zoyera zojambula ndi chala,
zina miyendo inayi, zina sindinazidziwe.
Ndinafunsa tanthauzo lake.
Mwanayo anaseka nati, za akulu izo, amama,
ndiye anapempha ya sopo.

Kuseri kwa Petauke tinasaka boma lakale.
Tinapeza mitengo ya mango,
njerwa zomwazika m'udzu, mbuzi ziwiri.
Yotamu anavula chipewa, kaya ankavulira yani.
Udzudzu wa kumeneko sudziwa kuti ndinu wopuma pantchito.

Kenaka tinabwerera m'mbuyo, tinakhotera kumpoto,
minda ya thonje, fumbi m'mano,
mapoto akuimba pamsana pathu
mpaka Lundazi, dzuwa litafiira.
Pageti la pogona apaulendo
mlonda anatiunika ndi tochi,
anaunika Yotamu, anaunika ine,
anaunikanso kumbuyo, pa bedi.
Azungu anu akubwera m'mbuyo?

Yotamu anazimitsa injini.
Ndimamudziwa mwamuna wanga akakhala chete chonchi.
Azungu ndi awa, anatero,
akuloza ine ndi mapatapata anga.

Anabweretsa buku la alendo, lonenepa, lonyowa m'mphepete.
Mayina a kutsidya kwa nyanja zamchere,
tsamba ndi tsamba, ena ajambulamo njovu.
Pofunsa kochokera ndinalemba Kapata.
Pofunsa cholinga cha ulendo
ndinagwira bolopeni nthawi yaitali.
Si maliro, si chipatala, si kukapempha mbewu.
Ndinalemba: kuona.

Chinyumba cha nsanja chija chinali pomwepo,
chikudziyang'ana m'madzi a damu
ngati mlendo amene anaiwala kubwerera kwawo.
Yotamu ankayenda m'mbali mwa khoma
akusisita njerwa imodziimodzi.
Atate ake, akuti, anaumbako zina ali mnyamata,
ndiye ankafuna chidindo cha chala chachikulu.
Anachipeza, kapena anangotopa n'kusankha chimodzi.
Sindinamufunse.

Usiku achule anatsegula msonkhano.
Tinaotcha mbatata, mlonda anabwera kudzaotha,
dzina lake Gelesomu, wa ana asanu ndi awiri,
sanafikepo ngakhale ku Chipata.
Pakati pa usiku Yotamu potembenuka
anagunda batani lakale ndi chidendene,
sairini inalira, agalu a tauni yonse anayankha,
mzungu wina anatuluka m'tenti atavala kabudula yekha.
Ndinaseka mpaka nthiti zinapweteka,
kuseka kumene ndinakusiya ndili mtsikana.

M'mawa injini inakana.
Gelesomu anaika tochi m'thumba,
anaitana mzungu wa kabudula uja,
onse awiri mapewa pa chitseko cha kumbuyo.
Ine ndili kutsogolo, tiyi wanga m'manja,
ndikuwauza kuti akankhe bwino,
mulimo makapu anga.